Kodi namwino angaphunzire udokotala osasiya ntchito?

Funsoli lachokera kwa namwino wa pa chipatala china chaching'ono kuno ku Mangochi. Ali ndi dipuloma ya unamwino ndi uzamba, agwira ntchito zaka zinayi, ndipo malipiro awo ndiwo akuphunzitsa ang'ono awo awiri. Akufuna udokotala, koma ntchito sangaitaye.

Achemwali, tisakubisireni. Digiri ya udokotala, ija amati MBBS, imaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inabadwa mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Si maphunziro a kumapeto kwa sabata ayi. Pali chaka chokonzekera cha sayansi, kenako zaka zisanu, ndipo zaka zomalizazo mumakhalira m'mawodi usana ndi usiku. Mukamaliza pamabweranso miyezi 18 ya internship, kugwira ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, musanalembetsedwe mokwanira ndi bungwe loyang'anira madokotala la Medical Council of Malawi. Munthu sangagwire naiti ku Monkey Bay kapena ku Namwera, m'mawa n'kupezeka m'kalasi ku Blantyre. Nthawi yophatikiza ntchito ndi mabuku ndi ino, musanalowe.

Yambani n'kutulutsa satifiketi yanu ya MSCE muione bwinobwino. Ambiri amagwera pamenepa. Magiredi amene anakulowetsani ku unamwino angathe kukhala ochepa pa udokotala, chifukwa malo ndi ochepa ndipo amayang'ana kwambiri Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Amene analemba kale anali ndi Physical Science, pomwe masiku ano Physics ndi Chemistry zimalembedwa padera. Ngati mpofunika kubwereza, lembetsani mayeso a MANEB kudzera pa sukulu yomwe ili ndi labu yeniyeni. Kuwerenga nokha pansi pa mtengo wa mango kungakuthandizeni Biology, koma mapulakitiko a Chemistry amafuna kuti dzanja ligwirepo zida. Ndipo musanalipire kalikonse, werengani chilengezo cha chaka chimenecho cha NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, komanso cha yunivesiteyo, muone zomwe akufuna kwa anthu amene ali kale ndi dipuloma. Musadalire za m'magulu a WhatsApp.

Za mashifiti, kambiranani ndi a metironi, akulu a anamwino, rosita isanatuluke, osati itapachikidwa kale. Tsiku lotsika naiti musaliwerengere ngati lowerenga. Mutu umakhala utauma, makamaka kukatentha mu Okutobala kuno. Gonani. Maola awiri a m'mamawa pa masiku a ofu amaposa usiku wonse wosinza pa buku. Sungani masiku anu a tchuthi kuti muwatenge nthawi ya mayeso.

Tsono nkhani ya ndalama, yomwe ndiyo imabweza ambiri. Tchuthi cha maphunziro sichingobwera chifukwa mwasankhidwa. Chimapemphedwa polemba kalata kudzera kwa akuluakulu anu, ndipo wolemba ntchito, kaya ndi boma kaya chipatala cha mishoni cha pansi pa CHAM, angavomere ndi malipiro, popanda malipiro, kapena kukana. Akavomera, yembekezerani kusainira kuti mudzawagwirira ntchito mukamaliza. Yankholo mulilandire lolembedwa. La pakamwa limasungunuka bwana akasamutsidwa. Kungonyamuka osatsanzika n'kuthawa ntchito. Funsaninso ku bungwe lopereka ngongole za maphunziro, HESLGB, ngati njira yomwe mukulowera ikukuyenerezani ngongole.

Layisensi yanu ya ku Nurses and Midwives Council isathe mphamvu. Ndi imene idzakulolani kugwira lokamu, ganyu wa unamwino m'zipatala, sukulu ikatsekera, n'kupezako ya sopo ndi thiransipoti. Koma lokamu si ya kudyetsa banja zaka zisanu ndi chimodzi. Khalani pansi ndi abale chaka chino, mugwirizane amene adzasenze fizi ya ang'ono anuwo, kalata yosankhidwa isanafike.