Yankho kwa achimwene ofuna kukakwera dhow ku zilumba za Bazaruto

Achimwene, mwafunsa ngati ndi zotheka kukwera bwato la thanga, lomwe amati dhow, kuchokera ku Vilankulo ku Mozambique, kuwedza, kusambira ndi magalasi aja oonera pansi pa madzi, komanso kuona ma dugong, nyama zikuluzikulu za m'nyanja zodya udzu, zonsezi tsiku limodzi. Ndikuyankheni motalikirapo chifukwa ma comment ena apa akungoti "pitani basi ndi bho" osakuuzani chomwe chimalamulira ulendo wonsewo.

Chimalamula ndi madzi. Kunyanja kwathu ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay bwato ukalisiya pagombe m'mawa, madzulo umalipeza likuyandama pomwepo. Ku Vilankulo ayi. Madzi amaphwa ndi kudzadza kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene kusiyana kwake kumafika mamita 4, ndiye akaphwa mumaona mchenga wokhawokha mpaka kutali uko, ma dhow atagona cham'mbali pouma, amayi akuyenda pomwe panali nyanja kutola nkhanu ndi nkhono zomwe kumeneko amati mapalo. Komanso nthawi yake imasuntha, tsiku lililonse imachedwerako pafupifupi mphindi 50. Ndiye kaputeni akakuuzani kuti tinyamuka 6 koloko musamanene kuti ife tikufuna kaye tiyi, mukachedwa ola limodzi mukhoza kukhala pamchenga pakati pa ulendo mpaka madzi abwerere. Musanalipire chilichonse funsani kuti madzi aphwa nthawi yanji tsiku lomwe mukufunalo, kenako musankhe tsiku potengera zimenezo, osati potengera tchuthi chanu chokha.

Zilumba zake zilipo 5: Bazaruto chachikulucho, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi kakang'ono kotchedwa Bangué. Zonse zili mu paki yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, ndipo kuyambira 2017 akuyendetsa ndi a African Parks mogwirizana ndi boma la Mozambique, omwewa amene ali ku Majete, Liwonde ndi Nkhotakota. Polowa mumalipira, ndipo musamakhulupirire munthu wokuuzani kuti akudutsitsani mwaulere, ma ranger amayendera ndithu.

Tsopano za dhow. Ngati mukufuna thanga lenileni, mphepo yokha, pitani ku Magaruque, ndi chomwe chili pafupi. Kumeneko kuli mzere wa miyala m'mphepete mwa chilumba, umalowa m'madzi kumtunda kwake n'kungodzisiya, madzi omwe amakutenga pang'onopang'ono ukuona nsomba, potulukira n'kuyenda wapansi kubwerera kukayambiranso. Kwa munthu woyamba kumene apa ndiye pabwino. Koma malo omwe aliyense amawatchula ndi Two Mile Reef, matanthwe a korali a m'nyanja, ali kunja, mbali ya nyanja yaikulu, ndipo kuti mukafike mumadutsa pampata wa pakati pa Bazaruto ndi Benguerra pomwe madzi otuluka amakumana ndi mafunde olowa, oyendetsa maboti amapatcha washing machine, dzinalo likukuuzani kale zonse. Ambiri amapita ndi boti la injini, ngakhale ma dhow onyamula alendo amakhala ndi kainjini kumbuyo. Ngati muli ndi mtima wosachedwa kuchita nseru mwerani mankhwala musanakwere, osati zitayamba kale.

Ku Two Mile kusambira kumakoma madzi ataphwa, chifukwa matanthwe aja amatchinga mafunde ndipo mkati mwake mumakhala bata. Mukaona nsomba zamitundumitundu, ngati mbuna za ku Cape Maclear koma zina zazikulu ngati mkono wanu, ma parrotfish akukukuta korali mpaka umamva phokoso lake m'makutu, akamba am'nyanja, nthawi zina ka shaki kakang'ono ka m'matanthwe kodutsa kosakulabadirani n'komwe. Anthu amaopa shaki koma zomwe zimavulaza anthu kawirikawiri ndi zing'onozing'ono: tinthu taminga takuda tobisala m'miyala, korali yemwe amacheka ngati lezala ndipo bala lake limachedwa kupola, ndi ma stingray, nsomba zokhala ndi munga kumchira, ogona mumchenga. Osaponda korali, osagwira kanthu, ndipo poyenda m'madzi osaya muzikhwekhwereza mapazi. Madzi amchere amakuyandamitsa mosavuta kuposa athu, komabe valani jekete ija ngati kusambira kwanu n'kwa pa damu. Ndipo valani tisheti, msana umapsa osamva kanthu, umadzazindikira usiku pogona.

Kuwedza ndi nkhani ina, malo akenso ena. Pa Two Mile sawedzapo, ndi poletsedwa, ndiye musayembekezere kuti muponya mbedza pomwe mukusambirapo. Pamafunikanso chilolezo chowedzera, afunseni eni bwato ngati chili kale mu mtengo womwe akutchulani. Pa dhow chomwe chimachitika n'chakuti amakoka chingwe kumbuyo bwato likuyenda, nyambo yake kansomba kachitsulo kapena ka pulasitiki, ndiye mwayi ukakugwerani mumakola serra, yomwe azungu a ku South Africa amati cuta, kapena barracuda, kapena kingfish. Ikaluma chingwe osachikulunga m'dzanja chonde, nsomba zimenezi zimathamanga ndipo chingwe chimadula nyama, komanso mano a barracuda si ocheza ngakhale ili kale m'bwato. Za marlin zomwe mumaona pa YouTube zija n'zoona, Bazaruto ndi yotchuka ndi black marlin makamaka cha mu Okutobala ndi Novembala, koma amenewo ndi maboti ena, zida zina, ndalama zinanso, ndipo ambiri amaigwira, kujambula n'kuibweza. Kwa ine serra imodzi yowotcha pamakala m'bwato momwemo, ndi mpunga ndi ndimu, yakwana.

Ma dugong musawaike pa pulogalamu. Alipo inde, kumeneku ndi komwe kwatsala gulu lokhalo lodalirika mbali yonse ya kum'mawa kwa Africa, koma ndi mazana ochepa chabe m'dera la masikweya kilomita 1,430, ndipo mu 2022 a IUCN, bungwe la padziko lonse loona za chilengedwe, anawaika m'gulu la nyama zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Amadya udzu wa pansi pa nyanja, amatulutsa mphuno yokha kupuma kamphindi n'kumiranso, ndiye ngakhale ali pafupi ukhoza kungoona kamsana kotuwa basi. Chomwe chawapha kwambiri ndi maukonde otchera, akakodwa amalephera kukwera kukapuma. Apa ndi pomwe dhow imaposa boti la injini: ilibe phokoso, ndiye nyama sizithawira kutali. Wina akakulonjezani kuti ndithu muwaona, akungofuna ndalama zanu, ndipo woyendetsa akayamba kuthamangitsa nyama kuti mujambule bwino muletseni.

Ma dolphin okha mwayi ndi waukulu. Anamgumi amadutsa kuyambira cha mu Julayi mpaka Okutobala, koma amakhala kunja kwa zilumba. Mukatsika pa Bazaruto kwerani phiri la mchenga lija, miyendo iwawa koma pamwamba mumaona mbali zonse ziwiri, ndipo nyanja zing'onozing'ono za madzi abwino zomwe muzione mkati mwa chilumba osakasambamo, muli ng'ona. Ku Santa Carolina kuli bwinja la hotela yakale ya nthawi ya Apwitikizi, n'kutali, kukufunika tsiku lake.

Pa zilumbazi pamakhala anthu, asodzi, si malo opanda eni, choncho pemphani musanajambule munthu. Bom dia wanu ndi obrigado zikuthandizani, chilankhulo chofala m'dera la Vilankulo ndi Xitswa. Malo ogona pa zilumba mitengo yake ndi ya madola, ambirife timagona ku Vilankulo n'kumapita m'mawa kubwera madzulo.

Mwati mukuganiza za Febuluwale. Ineyo ndikanasintha. Januwale mpaka Malichi ndi nyengo ya namondwe, Favio anaphwanya Vilankulo mu Febuluwale 2007, ndipo Freddy yemwe anatipweteka kuno mu Malichi 2023 anayamba watera kufupi ndi Vilankulo komweko pa 24 Febuluwale asanabwerere m'nyanja. Kuyambira Meyi mpaka Novembala ndiye nthawi yabwino. Ndipo dzipatseni masiku atatu kapena anayi, chifukwa mphepo ya kumwera ikauka maboti sachoka, tsiku limodzi likhoza kungothera pagombe. Nyamulaninso ma metical m'thumba, akaputeni a dhow ambiri salandira khadi.