Sancerre wofiira aliko, ndipo ndiye mkulu

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo. Mnzawo anawapatsa botolo lolembedwa kuti Sancerre, iwo n'kuliponya mufiriji chifukwa dzinali amalidziwa ngati la vinyo woyera. Pothira mutambula anangoona wofiira, kufiira kwake kombuwirira, koti chala chimaonekera kuseri. Funso lawo ndi lakuti: kodi mnzangayu anamugulitsa wachinyengo?

Mayi, mtima m'malo. Vinyoyo ndi weniweni, ndipo pa awiriwo wofiirayo ndiye mkulu kubadwa.

Sancerre ndi dera la m'mbali mwa mtsinje wa Loire ku France. Kale minda yambiri kumeneko inali ya mphesa zakuda, makamaka Pinot Noir ndi Gamay. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kunagwa kachilombo kotchedwa phylloxera, kamene kamadya mizu ya mpesa, ndipo minda inatheratu. Alimi pobzalanso anamezanitsa mipesa yawo pa mizu yochokera ku America, ndipo ambiri anasankha mphesa yoyera ya Sauvignon Blanc. Malamulo a dziko anavomereza dzina la Sancerre pa vinyo woyera mu 1936, pomwe wofiira anadikira mpaka 1959. Lero woyera wachuluka kwambiri moti anthu aiwala kuti mwini mudzi anali ndani.

Za mtundu wakewo, musadabwe nazo. Sancerre wofiira amapangidwa ndi Pinot Noir, ndipo madzi a mphesa imeneyi ukangofinya amatuluka oyera. Kufiira kumachokera m'makoko, akasiyidwa limodzi ndi madziwo pamene akusanduka vinyo. Mphesa imeneyi makoko ake ndi opyapyala, ndiye mukaonjeza kuzizira kwa dera lakumpoto ngati limeneli, simungayembekeze vinyo wakuda bii ngati Shiraz wa kumalo otentha. Mumapeza wopepuka, wowawasirako, wosaumitsa m'kamwa kwambiri. N'chifukwa chakenso madera otchuka ndi vinyo woyera akafuna wofiira amathamangira kwa Pinot Noir: imapsa msanga, chisanu chisanafike.

Ku Alsace, dera lina la ku France, kwawo kwa mphesa za vinyo woyera za Riesling ndi Gewurztraminer, Pinot Noir ndiyo mphesa yokhayo yololedwa kupangira vinyo wofiira. Kwa nthawi yaitali vinyoyo ankatuluka wotuwa, wongosiyana pang'ono ndi rosé, vinyo wa pinki uja, ndipo palibe ankamuyesa kanthu. Koma nyengo yakhala ikutentha, alimi nawonso anayamba kuchepetsa zipatso pa mpesa uliwonse kuti zotsalazo zikome, mpaka mu 2022 minda iwiri, Hengst ndi Kirchberg de Barr, inaloledwa kulemba Grand Cru, dzina la minda yapamwamba kwambiri, pa vinyo wofiira. Kutsidya kwa mtsinje wa Rhine, ku Germany, mphesa yomweyi amaitcha Spätburgunder. Ambiri amadabwa kumva kuti dziko la Rieslingli ndi lachitatu pa kulima Pinot Noir, pambuyo pa France ndi America. Ine mutandisankhitsa lero pa onsewa, ndingatenge wa ku Baden kapena wa m'chigwa cha Ahr.

Kwina mainawo amachita kubisala. Ku Chablis, ku France komweko, malamulo salola mphesa ina koma yoyera ya Chardonnay, choncho Chablis wofiira kulibe, ndipo mukadzamuona ameneyo ndiye mudzakuwe kuti wakuba. Wofiira wa chigawo chimenecho mumupeza m'mudzi wa Irancy, umene unalandira dzina lakelake mu 1999. Ku Meursault nako, mudzi wotchuka ndi vinyo woyera, kuli munda wotchedwa Santenots, umene vinyo wake wofiira amagulitsidwa pa dzina la mudzi woyandikana nawo, Volnay. Ngakhale ku Champagne, kwawo kwa vinyo wathovu, m'mudzi wa Bouzy, amapanga wofiira wopanda thovu.

Koma ndisakunamizeni kuti onsewa ndi abwino. Chaka chikakhala chozizira ndi chamvula, vinyo wotereyu amatha kutuluka wowawasa, wopanda thupi. Chinanso chimene chimandinyansa n'chakuti dzina la Sancerre palokha limakweza mtengo, ndiye nthawi zina mumalipira mbiri ya woyera pogula wofiira wamba. Muziyang'ana dzina la wopanga ndi chaka, osati dera lokha.

Kunena za firiji ija, munangolakwa theka. Vinyo wamtunduwu amakoma atazizirako, pa madigiri 13 mpaka 15, osati ngati woyera amene wagona mufiriji usiku wonse. Akazizira mopitirira fungo lake limabisala, n'kungotsala kuwawasa, ndipo ndikukayika kuti n'zimene zinakuchitikirani. Ngati m'botolomo mwatsala kanthu ndipo masiku sanapite ambiri, litulutseni, lidikire mphindi 30 patebulo, kenako mulawenso.