Amayi ayamba kuiwala chimwalirire bambo: kodi ndi ukalamba basi?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Mwachidule akuti: "Amayi anga ali ndi zaka 71 ndipo amakhala kumudzi ku Ntcheu. Bambo anatisiya chaka chatha. Kuyambira pamenepo amayi sapitanso ku mvano, kudimba anasiya, akuonda, ndipo ayamba kuiwala. Ndiwo zimapserera pamoto. Ndikawafunsa kuti lero ndi lachingati amangoti kaya, sindikudziwa. Achimwene akuti ndi ukalamba basi. Kodi awa ndi matenda aja oiwalaiwala, ndipo ali ndi mankhwala?"

Achemwali, pepani ndi maliro a bambo. Koma pa mawu a achimwene anuwo ndikana. Ukalamba uli ndi kuiwala kwake, inde, dzina la mdzukulu limathawa m'mawa n'kubwera madzulo. Sungamusiyitse munthu kudya, kulima ndi kucheza ndi anzake m'miyezi yowerengeka. Sindingawayeze amayi anu kudzera m'kalata, koma zimene mwafotokoza zikufanana kwambiri ndi matenda a kukhumudwa, omwe a chipatala amati depression, ndipo amenewa amachizika.

Kwa okalamba matendawa sabwera nthawi zonse ndi misozi. Amabwera ngati kutopa, kuwawa kwa thupi kosadziwika malo ake, kudzuka pakati pa usiku osapezanso tulo, kukana nsima. Ubongo umayenda pang'onopang'ono ndipo munthu saika mtima pa zimene akumva. Chimene sanachimvetsere bwino, adzachikumbukira bwanji? Mu 1961 dokotala wina, Leslie Kiloh, analemba za odwala amene ankaoneka ngati ubongo wawo watha koma n'kubwerera mwakale atalandira thandizo, ambiri a iwo atachizidwa kukhumudwa. Mpaka lero madokotala amasamala kuti asasokoneze kukhumudwa ndi matenda oiwalaiwala.

Mawu akuti "kaya, sindikudziwa" ndi amene andikoka kwambiri m'kalata yanu. Wokhumudwa nthawi zambiri amadandaula yekha kuti mutu wake sukugwira, ndipo akafunsidwa funso amagonja asanayese n'komwe. Mukamulimbikitsa modekha, yankho limatuluka. Wa matenda oiwalaiwala enieni, monga a Alzheimer, kawirikawiri amayesa kubisa. Amayankha molimba mtima koma molakwa, amatembenukira kwa mwana wake kuti amuyankhire, amafunsa funso lomwelo kasanu, amasochera panjira ya kuchigayo imene wayendamo moyo wake wonse. Ndipo matendawo amakwawa kwa zaka, moti abale amalephera kunena kuti anayamba liti. Inu mwatha kuloza nthawi yake yeniyeni, ndiyo maliro. Chimenecho mukamuuze dokotala.

Pali chachitatu chosafunika kudikira. Ngati nkhalamba yasokonekera mwadzidzidzi, m'masiku awiri kapena atatu, ikulankhula zosamveka kapena ikuona zinthu zoti palibe, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, shuga wotsika kapena sitiroko zimachita zimenezi.

Tsopano mbali yovutayo, chifukwa sindikufuna kukulonjezani zoposa. Kukhumudwa ndi kuiwalaiwala si adani oti wina akalowa mnzake amatuluka. Zimatha kukhalira limodzi mwa munthu mmodzi. Kukhumudwa kumene kwayamba koyamba munthu atakalamba nthawi zina kumakhala chizindikiro choyambirira chakuti ubongo wayamba kusintha. Chifukwa chimodzi ndi timitsempha tating'ono ta magazi ta mu ubongo. BP ndi shuga zikatiwononga mwakachetechete, zimakhudza mbali zoyendetsa chimwemwe komanso zoyendetsa kuganiza. Gulu la akatswiri la magazini ya zaumoyo ya Lancet linanena mu 2024 kuti pali zinthu 14 zotheka kuzisintha zimene zimakhudzana ndi pafupifupi 45 peresenti ya matenda oiwalaiwala padziko lonse. Kukhumudwa kuli pamndandandawo, limodzi ndi BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kukhala wekhawekha, kusamva ndi kusaona bwino. Choncho ngakhale amayi atachira, muziwayang'anabe chaka ndi chaka.

Muwatengere ku chipatala cha boma, ndipo mupite nawo inuyo kapena wina amene amagona nawo nyumba imodzi, chifukwa amayi akalowa okha adzangonena za msana n'kutuluka ndi panado. Funsani namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Pakafunika akatswiri, kuli Zomba Mental Hospital, komanso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe komwe muliko. Pemphani kuti ayeze BP, shuga, kuchuluka kwa magazi, HIV ndi chindoko, ndipo ngati n'kotheka chithokomiro ndi vitamini B12. Musachite manyazi ndi HIV ndi chindoko, zimafika mu ubongo ndipo zili ndi mankhwala. Ayang'anenso makutu ndi maso. Agogo ambiri amene timati asokonekera amakhala kuti sakumva zimene tikunena.

Nyamulani mankhwala onse amene amamwa, ndi ogula pagolosale omwe. Piriton ndi diazepam zimasokoneza mitu ya okalamba. Amitriptyline, amene amapezeka kwambiri m'zipatala zathu, amathandiza kukhumudwa koma kwa nkhalamba amatha kuwonjezera kuiwala, kuchititsa chizungulire ndi kugwetsa munthu. Si kulakwa kufunsa dokotala ngati mankhwala ena a kukhumudwa, monga fluoxetine kapena ofanana nawo, angakhale oyenera. Mankhwala a kukhumudwa sagwira ngati a mutu. Pamatenga masabata angapo, kwa okalamba mwina 6 kapena 8, ndipo munthu akayamba kupeza bwino amapitirizabe kumwa kwa miyezi. Ambiri amasiya sabata yachiwiri n'kunena kuti sakugwira.

Mapiritsi paokha sabweza anzawo a amayi. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi ndi munthu wovutika maganizo, kumumvetsera ndi kuthetsa naye mavuto limodzilimodzi, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti zimathandiza. Inu pemphani amayi a mvano kuti azibwera kunyumba m'malo modikira kuti amayi anu apite. Musawalande ntchito zonse powamvera chisoni. Asiyireni nkhuku, kusankha nyemba, mdzukulu woti azimusambitsa.

Mawu amodzi kwa achimwene ndi akumudzi. Nkhalamba yoiwala, yolankhula yokha kapena yoyendayenda usiku imalozedwa chala msanga kuti ndi mfiti, ndipo ena aphedwapo m'dziko muno. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mukabwerako kuchipatala, kawafotokozereni amfumu ndi akuluakulu a mpingo zimene dokotala wanena, manong'onong'o asanayambe.

Ndipo ngati amayi anenapo kuti bola atsatire bambo, musawadule mawu kapena kuwadzudzula. Afunseni mwachindunji ngati amaganizapo zodzipha, kufunsako sikuika ganizolo m'mutu mwa munthu. Akavomera, chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe, a mbewu ndi mapiritsi osungidwa, musawasiye okha, ndipo mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo osadikira malipiro a kumapeto kwa mwezi.