Kodi mkaka wa m'mawere ukatenthetsedwa umatha mphamvu?

Funso: Mwana wanga anabadwa masiku asanakwane ndipo mkaka wanga ukuchedwa kutuluka. Akumupatsa mkaka wa amayi ena, koma akuti amayamba autenthetsa. Kodi muli chotsalamo? Mayi wodandaula.

Yankho: Pepani mayi, mtima wanu ndaumva. Mkakawo sauwiritsa ayi. Amauika m'mabotolo otsekedwa, n'kuutenthetsa pa madigiri 62.5 kwa mphindi 30, kenako n'kuuziziritsa msanga. Kutentha kumeneku kumapha mabakiteriya ndi mavairasi ambiri, kuphatikizapo HIV.

Zambiri zimatsala: mafuta, shuga wa mumkaka, mapuloteni ambiri, ndi mavitamini A, D ndi E. Koma sindikubisirani, zina zimatayika. Maselo amoyo amafa. Zoteteza thupi monga lactoferrin ndi IgA zimachepa, vitamini C nayenso amatsika. Chomwe ine ndimadera nacho nkhawa kwambiri ndi lipase, yomwe imathandiza khanda kugaya mafuta, chifukwa imawonongeka pafupifupi yonse. N'chifukwa chake mwana wotere amatha kunenepa pang'onopang'ono, ndipo madokotala nthawi zina amawonjezera zakudya mumkakawo.

Ngakhale zili choncho, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa mkaka woperekedwawu kwa makanda obadwa ochepa thupi pamene wa mayi wake palibe, popeza umateteza matumbo awo osakhwima kuposa mkaka wa m'chitini.

Inuyo musaleke kufinya, usiku ndi usana. Timadontho tachikasu ta mkaka wanu woyamba tija, ngakhale tongokwana pasupuni, apatseni anamwino amupatse mwanayo poyamba.