Valavu ikafiira musathamangire kugula ina

Achimwene, mwati amp (chokuzira mawu) ya mavalavu awiri a mtundu wa EL84 imene munapanga nokha ikulira "huuu" ndipo valavu imodzi ikufiira mkati. Ine ndiyankha za kufiirako, chifukwa n'kumene kungakudyereni ndalama. Ena pano akuti mungogula mavalavu atsopano. Aaa, ngati vuto lili pansi pa soketi, yatsopanoyo nayonso ipsa basi, pamene awiri a kampani ya JJ ndi cha m'ma dola 40 kapena 50, osawerengera zotumizira.

Chitsulo chachikulu cha mkati chikafiira ngati khala, ndiye kuti valavuyo ikukoka magetsi opyola muyezo. Zimitsani, izizire, kenako sinthanitsani mavalavu awiriwo. Kufiira kukatsatira valavu, yatha ndi valavuyo. Kukatsalira pa soketi yomwe ija, ikani mita pa pini 2 ya soketiyo, imene ndi ya grid yolowera siginolo. Ngati amp yanu ndi ya cathode bias (yokhala ndi resistor pa cathode yochepetsa magetsi amene valavu ikukoka), pamenepo payenera kukhala pafupifupi 0. Mukapeza mavolti angapo a DC, ndiye kuti kapasita yobweretsa siginolo kuchokera ku valavu yaing'ono ikudontha, kutanthauza kuti ikudutsitsa DC. Ndi kanthu kotchipa.

Koma chonde, makapasita akuluakulu aja osefa magetsi amasunga mavolti oposa 300 ngakhale mutazula pulagi. Tsitsani magetsiwo kudzera pa resistor, osati ndi sikuludiraiva, muyeze kaye musanagwire. Poyeza ili yoyaka, dzanja limodzi likhale m'thumba. Nyesi ya pamenepo si yamasewera.

Ndipo musayerekeze kuiyatsa popanda sipika. Ine ndinachitapo, ndili pa changu chofuna kuyesa gitala, waya wa sipika uli lende kuseri kwa tebulo. Chete. Ndikuwonjezera voliyumu, chetebe. Kenako kafungo ka vanishi wopserera. Thiransifoma ya output, yopereka mawu ku sipika, inathera pomwepo, ndipo ina ndinaidikira miyezi iwiri kuti mlamu wanga abwere nayo kuchokera ku Johannesburg. Mpaka lero ndimayamba ndasuzumira kuseri ndisanakhudze switch.

Za kulirako, mwina kudzaleka kufiirako kukatha. Kukapitirira, onani mawaya a heater a 6.3V otenthetsa mavalavu, akhale opotana bwino komanso kutali ndi waya wa input.

Mukakonza, poyatsa koyamba dutsitsani magetsi pa babu yakale ija yotentha, ya 60W kapena 100W. Ikawala kwambiri osazirala, pali shoti, zimitsani. Mababu amenewa akusowa masiku ano, mukaipeza pa msika gulani ziwiri. Ya LED sigwira ntchito imeneyi.