Mpando wa utsogoleri kapena labotale?

Mayi wina wandilembera imelo sabata yathayi. Waphunzitsa chemistry pakoleji zaka 9, ndipo tsopano akuluakulu akufuna kuti akhale mkulu wa nthambi yonse ya sayansi. Akufunsa kuti: "Kodi ndikavomera, kafukufuku wanga afera pompo?"

Mayi, sindikubisirani. Nthawi zambiri amafadi. Ine ndinadzionera ndekha kwa bambo amene anandiphunzitsa. Atangowapatsa ofesi, gauni yawo yoyera inakhala pamsomali kuseri kwa chitseko mpaka kolala inachita fumbi. Ankalonjeza kuti Lachisanu abwera kudzaona zomwe tasungunula, koma Lachisanu lililonse linkadyedwa ndi misonkhano ya bajeti.

Taganizirani za James Bryant Conant, katswiri wa chemistry wa ku yunivesite ya Harvard, pafupi ndi mzinda wa Boston ku America. Anamaliza digiri yake ya udokotala mu 1916, n'kutchuka pofufuza chlorophyll, chomwe chimabiriwitsa masamba, komanso haemoglobin ya m'magazi. Mu 1933, ali ndi zaka 40 zokha, anamusankha kukhala pulezidenti wa yunivesiteyo, ndipo kafukufuku anamusiya. Mnyamata wina, Frank Westheimer, anali atangoyamba kumene digiri yake pansi pa Conant, ndipo anachita kukamalizira m'manja mwa pulofesa wina. Apa ndi pomwe pamandikhudza kwambiri, chifukwa inunso muli ndi ophunzira amene akudalira dzanja lanu. Muwapezere wowatenga musanasaine kalata iliyonse.

Komatu Conant sanangopita kukafunda mpando. Analowa akudziwa chimene akufuna: kuti mwana wanzeru wochokera kubanja losauka, kutali ndi Boston, naye alowe Harvard. Anakhazikitsa thandizo la fizi la ana otere, ndipo powasankha anagwiritsa ntchito SAT, mayeso olowera kukoleji ku America. Anatsogolera zaka 20, mpaka 1953, kenaka anakaimira dziko lake ku West Germany. Sikuti zonse ndimaziyamikira ayi. Pankhondo yachiwiri ya padziko lonse anali mmodzi mwa oyang'anira ntchito yopanga bomba la atomiki, ndipo zimenezo zimandilemera mumtima.

Tsono funso langa kwa inu ndi ili: mukakhala pampandopo, n'chiyani chimodzi chomwe mukufuna kukonza? Ngati ndi mankhwala a mulabotale omwe amatha pakati pa teremu, kapena atsikana omwe amasiya sayansi chaka choyamba, vomerani ndithu, ndipo ndidzakunyadirani. Koma ngati mwaganiza usiku wonse n'kupeza kuti chokukokani ndi alawansi yokha, athokozeni akuluakuluwo mwaulemu, muwapemphe akufunseninso pakapita zaka zitatu. Mundilemberenso mukasankha.