Kulemba zosowa pachipatala kungakankhe boma kulipira ntchito yopewa HIV?

Mayi wina amene amadzipereka pa zaumoyo m'dera lake wanditumizira imelo. Gulu lawo lapemphedwa kuti lizilemba zomwe likuona pachipatala, kenako likagwiritse ntchito zotsatirazo popempha boma kuti liziika ndalama zakezake pa ntchito yopewa HIV. Akufunsa kuti: kodi kafukufuku si ntchito ya anthu a kuyunivesite? Nanga boma likamati ndalama palibe, mapepala athu angasinthe chiyani?

Mayi, musasiye kulemba.

Ndalama zikachepa, ntchito yopewa ndiyo imayamba kudulidwa. Munthu amene ali pa ma ARV akasowa mankhwala, abale amadandaula, atolankhani amalemba, aphungu amayankhula. Koma mtsikana amene sanatenge kachilombo chifukwa ankalandira PrEP, mankhwala oteteza munthu kuti asatenge HIV, saoneka paliponse, ndipo thandizo lake likaima palibe amene amafuula. Tinaziona mu January 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, kuphatikizapo la PEPFAR, thandizo lolimbana ndi Edzi lomwe lakhalapo kuyambira 2003. Patapita masiku analola kuti ma ARV apitirire, koma PrEP anaisiyira amayi oyembekezera ndi oyamwitsa okha. Ena onse anangotsala m'malere. Chonsecho UNAIDS, nthambi ya United Nations yoona za Edzi, ikuti padziko lonse anthu pafupifupi 1.3 miliyoni anatenga HIV m'chaka cha 2024, pomwe cholinga chinali choti pofika 2025 akhale osakwana 370,000.

Apa ndiye pali ntchito yanu. Wa kuyunivesite amabwera ndi mafomu ake, amakhala sabata, n'kupita. Inu mulipo Lolemba lililonse. Mukudziwa kuti bokosi la makondomu pakhonde lija lakhala lopanda kanthu kuyambira liti. Mukudziwa kuti zida zoyezera magazi zinatha tsiku lanji, ndiponso kuti mnyamata amene anabwera kudzafunsa za mdulidwe anauzidwa kuti adzabwerenso mwezi wamawa, ndipo sanabwerenso. Lembani tsiku, chomwe chinasowa, ndi chiwerengero cha anthu amene anabwezedwa. Mukachita zimenezi miyezi ingapo mosadumphitsa, ameneyo ndi kafukufuku. Ku South Africa, mabungwe a anthu omwe ali ndi HIV amachita zomwezi m'zipatala zambirimbiri kudzera mu ntchito yotchedwa Ritshidze, ndipo malipoti awo amafika kwa akuluakulu a zaumoyo. Chimodzi chokha ndikupempheni: maina a anthu asalowe m'kope lanu. Munthu akadziwa kuti zake zimveka m'mudzi, sadzakuuzaninso zoona, ndipo mwina kuchipatalako asiya kupita.

Tsono za ndalama. Zoti boma lili ndi zochepa ndi zoona, koma kagawidwe ka zochepazo kamasankhidwa ndi anthu. Mu 2001 ku Abuja, m'dziko la Nigeria, atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, ndipo maiko ambiri mpaka lero sanafikepo. Dziko la Zimbabwe, ngakhale chuma chake chakhala chikuvuta, linakhazikitsa msonkho wa Edzi wa 3 peresenti mu 1999. Msonkhowu sukwanira zonse, koma ndi ndalama yomwe wakunja sangaimitse.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti magulu ambiri amapita kwa akuluakulu ndi pempho lotambalala, lakuti boma lichitepo kanthu. Pempho lotere amaliombera m'manja, n'kuliiwala. Pitani ndi chinthu chimodzi chogwirika: mzere wakewake wa ntchito yopewa HIV mu bajeti, kapena ndalama ya mafuta oti azaumoyo azifika kumidzi yakutali. Pitaninso bajeti isanalembedwe, chifukwa ikadutsa kunyumba ya malamulo mumangouzidwa kuti mudikire chaka chamawa. Ikadutsa, funsani kuti pa zomwe zinalonjezedwa zafika zingati, popeza ndalama yolembedwa papepala ndi yofika pachipatala kawirikawiri zimasiyana.

Palinso jakisoni woteteza ku HIV wa lenacapavir, wobaya kawiri pachaka, amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu July 2025. Ngakhale othandiza atagula mankhwalawo, pafunikabe namwino wobaya, zoyezera magazi, ndi munthu wokumbutsa anthu pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Pokumana ndi akuluakuluwo, afunseni kuti zimenezi alipira ndani, ndipo yankho lawo mulilembenso m'kope lomwelo pamodzi ndi tsiku lake.